Kugogoda kwa Makina a Achemwali

Okondedwa Achemwali,

Kuno kwacha ndi mvula yowaza, ija yosanyowetsa msanga koma yolowa m'mafupa. Nthawi ikuthamangira naini koloko m'mawa. Kukacha chonchi makasitomala sabwera, ndiye chitseko ndangochitsegula pang'ono, ndayala pepala patebulo lodulirapo nsalu, ndati lero ndilembe basi.

Kaya inu muli bwanji kumeneko? Msana uja unasiya kuvuta? Alamu ali bwanji? Nanga kamwana kathu kayamba kuyenda? Ife kuno tili bwino, kupatula chimfine chimene chinandigoneka sabata yatha, koma chapita.

Mudabwa kulandira kalata m'malo mwa foni. Mukundidziwa, pafoni ndimangoti eya, eya, mpaka inu kutopa. Kalatayi ndayiyamba katatu. Mundikhululukire pamene ndalakwitsa, mukudziwa pamene ndinalekezera sukulu. Mupezanso kansalu komangidwa mu envelopumu. Chonde musakamasule mpaka mutawerenga zonse.

Nkhani ndi ya mlongo wathu. Ndikudziwa kuti papita zaka zitatu chimuuzireni kuti asamakutchuleni achemwali mpaka atabwerera ku maphunziro a zamagetsi. Ndikudziwanso kuti munapita kutali kukagwira ntchito kufakitale kuti iye aphunzire, iye n'kusiya chaka chimodzi chokha chitatha, n'kuyamba zoimba. Sindikunena kuti munalakwa kukwiya. Koma musapinde pepalali. Ine ndiye ndili ndi mlandu kwa inu, ndipo ndi wokhudza makina anu osokera.

Ndiyambe kale, chifukwa zina munaziona muli pamwamba pa makina, ine ndinaziona ndili pansi.

Mukukumbukira mmene chibwibwi chinkamugwirira ali mwana. Liwu limodzi linkamukakamira pakhosi, maso n'kufiira, msempha wa pakhosi n'kutupa. Mukamutuma kugolosale ankabwera chimanjamanja, chifukwa wogulitsa ankatopa n'kuyamba kuthandiza wina. Anzake ankamutchula kuti Njinga Yamoto Yosalira. Mphunzitsi wina ankamuimika dala kutsogolo kuti kalasi iseke. Ababa atamwalira, miyezi ingapo titaika amayi, anangosiyiratu kuyankhula. Ankangoloza ndi chala.

Inu munali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ine zisanu ndi zinayi, iye zisanu ndi ziwiri. Munapinda yunifolomu yanu n'kuiika pansi pa sutikesi, n'kukhala pa makina a amayi. Ife awiri tinkakhala pansi pa tebulo kutola tizidutswa ta nsalu.

Ndiye tsiku lina makina aja anangoyamba kugogoda. Kale ankayenda mwakachetechete, koma tsikulo anayamba: phazi lanu likatsika kawiri, go. Likatsikanso kawiri, go. Ine ndinakufunsani kuti awonongeka kodi, inu munati akalamba basi, ndisiye kufunsa za akuluakulu.

Patapita masiku atatu, masana kukutentha, mlongo wathu anayamba kugwedeza mutu motsatira kugogodako. Kenako anatsegula pakamwa n'kunena kuti, "Achemwali ndamva ludzu, ndipatseni madzi akumwa." Mawu onsewo, mosapunthwa, liwu lililonse likugwera pa go wake. Ine ndinataya nsalu zonse zinali m'manja. Inu simunatembenuke n'komwe. Munangoti abwereze simunamve, phazi likupalasabe. Anabwereza. Munati abwerezenso. Madziwo anamwa atanena kasanu.

Kuyambira pamenepo pansi pa makina panasanduka pake. Ankanena chilichonse chimene waona tsiku limenelo: galu wa aneba, mphunzitsi ndi nsapato zake zong'ambika, mayi wonenepa amene ankaumirira kuti mumusokere diresi la muyeso wa chaka chatha. Makina akaima, nayenso ankaima. Ankadandaula kwa ine kuti achemwali samvetsera n'komwe, amangoyang'ana singano.

Tsiku lanu lonyamuka, zikwama zili kale pakhomo, munandikokera pambali n'kundiuza zinthu ziwiri. Munati ndizithira mafuta Loweruka lililonse, ndipo makanika asadzagwire makinawa ngakhale atagogoda bwanji. Ndinalonjeza.

Tsopano ndikuuzeni zimene simunazione.

Zimene ankachita pansi pa tebulo zija zili ndi dzina, ati hipihopu. Ine ndinkaona ngati ndi masewera a m'nyumba mwathu mokha, osadziwa kuti kunja kuli anthu ambirimbiri oyankhula motsatira kugunda choncho. Mlongo wathu anadzipatsa dzina loti Singano. Panopa ngakhale azimayi a pamsika amamutchula choncho.

Anakumana ndi bambo wina wokonza mafoni, amene aliyense amangomuti Mawaya, chifukwa amayenda ndi mawaya m'khosi ngati mikanda. Kuseri kwa shopu yake kuli kachipinda kosungiramo makatoni. Anakhoma matiresi akale awiri kukhoma, n'kupachika bulangeti pakhomo, akuti imeneyo ndi situdiyo. Mukalowa anthu atatu, wachitatu amapumira panja. Magetsi onse a mmenemo anaika ndi mlongo wathu, ndipo sanayambe athetheka. Mpaka pano m'mawa uliwonse amayenda m'nyumba za anthu kukonza masoketi, masana ndiye amaimba. Chaka chimodzi chija sichinapite pachabe, Achemwali.

Poyamba Mawaya anamuikira kugunda kwa pakompyuta. Zinakanika. Ankayamba bwino, koma akapunthwa pang'ono, kompyuta ija inkangopitirira osamudikira, iye n'kutsamwa. Anayesa sabata yathunthu. Mawaya anavula zomvera m'makutu n'kumuuza kuti, aise, mawu uli nawo koma pakamwa pako pali geti, ndipo mlonda wake ndi wovuta.

Mawa lake mlongo wathu anabwera kudzandipempha kuti tinyamule makina. Ndinakana. Anakhala pakhomo tsiku lonse osadya, akungondiyang'ana ngati mbuzi yomangidwa. Madzulo ndinalola, koma ndinati wopalasa ndikhala ine, wina aliyense asagwire.

Tinawakweza pa wilibala. Mawaya atationa anaseka mpaka kukhala pansi, amvekere kodi tabwera kudzajambula nyimbo kapena kudzamuyeza thalauza. Koma ataika maikolofoni pansi pa tebulo, ine n'kuyamba kupalasa, anasiya kuseka. Mlongo wathu anatseka maso n'kuyamba:

Ndinkayamba moni m'mawa, kumaliza dzuwa lili pamutu,
wondifunsa njira ankafika, ine ndikadali pa ku-ku-ku.

Anapitirira mphindi zinayi osapunthwa. Ine ndinkadziwa kapumidwe kake. Ndikamva kuti liwu likufuna kukakamira, ndinkachepetsa phazi pang'ono, iye n'kudutsa, ine n'kubwezeretsa. Palibe anatiphunzitsa. Titamaliza, Mawaya anangoti tibwereze, iye anaiwala kudina batani lojambulira chifukwa chomvetsera.

Nyimbo imeneyo inayenda yokha, foni ndi foni. Tsiku lina ndili mu basi ndinamva makina anu akugogoda m'thumba la munthu wosamudziwa. Ndinachita manyazi ngati ndatuluka panja ndi zovala zogonera. Mayi amene anakhala pafupi nane ankagwedeza phazi. Ndinafuna kumuuza kuti phazi limene mukulitsatiralo ndi ili, koma mukundidziwa. Ndinatsika pasiteji yanga mwakachetechete.

Chaka chatha kunabwera bwana wa kampani ina ya nyimbo, wa nsapato zosongoka ngati zoboolera zikopa. Anakhala pampando wa makasitomala uja, n'kuyala mapepala pamwamba pa diresi la ukwati limene ndinkasoka. Anati mnyamatayu ndi golide. Anati amupatsa situdiyo yeniyeni ndi zovala, koma nyimbo zikhala za kampani, dzina asintha, ndipo chitsulo chakalechi chitsale, chifukwa anthu a m'tauni sangalipire kudzaonera telala.

Mlongo wathu anayamba kuyankha, koma popanda makina mukudziwa mmene zimakhalira. Anakakamira pa liwu loyamba. Bwana uja anamumalizira, amvekere ukufuna kunena kuti wathokoza. Anayesanso, bwana n'kumumaliziranso, amvekere ukufunsa posaina, ndi apa. Mlongo wathu anandiyang'ana. Ine ndinaika phazi pa chopondera cha makina.

Atamva go woyamba, anamuuza bwana uja bwinobwino kuti moyo wake wonse anthu akhala akumumalizira mawu, ndipo nthawi zonse amamaliza molakwika. Anati akasaina pepalalo ndiye kuti walemba ntchito munthu womumalizira mawu mpaka imfa. Kenako anamupempha kuti achotse mapepala pa diresi la eni ake. Bwana uja potuluka anapunthwa pa chitsulo chositira. Sindinaseke pamaso pake, ndinadikira atakwera galimoto.

Kuyambira pamenepo zonse amachita yekha ndi Mawaya. Zithunzi zoitanira anthu amajambula yekha, kumata m'makoma amamata yekha. Akamakaimba penapake timanyamula makina, ine ndimakhala kuseri kwa nsalu yotchinga, chifukwa ndinamuuza kuti tsiku limene anthu adzandione ndidzakomoka. Anthu ankadziwa kuti kuseriko kuli makina, koma wopalasa sankamudziwa. Ena ankati ndi nkhalamba ina, ena ankati ndi chidole cha magetsi. Iye poimba amavala jekete la ababa lija la ku positi ofesi, la mabatani achitsulo. Linamukwana tsopano. Lija losowa batani limodzi pamkono, limene munati linatayika pochapa.

Tsopano ndafika pa mlandu wanga.

Loweruka lapitali mlongo wathu anabwereka holo yaikulu, ija imachitikira misonkhano, yolowa anthu mazana anayi. Kanali koyamba kuimba yekha, popanda kutsegulira wina. Anakonzekera miyezi isanu. Anati akadzaza holo imeneyo ndiye kuti bwana wa nsapato uja ananama, akalephera abwerera kumasoketi osadzatsegulanso pakamwa pagulu.

Lachinayi la sabata yomweyo, ndikuthira mafuta pokonzekera za kuholo, ndinaona kuti lamba wa makina wang'ambika malo awiri, watsala pang'ono kuduka. Ndinaganiza kuti akadukira pakati pa nyimbo, anthu mazana anayi akuonera, mlongo wathu atani? Ndinakumbukira lonjezo langa kwa inu. Koma ndinadziuza kuti kusintha lamba yekha si kukonza makina. Sindinauze aliyense. Lachisanu masana ndinaitana amakanika a kuseri kwa msika, achikulire aja ovala magalasi omangidwa ndi ulusi.

Ndinawasiya akugwira ntchito, ine n'kupita kukapereka siketi kwa kasitomala. Pobwera ndinawapeza akupukuta m'manja, akumwetulira. Anati mwana wanga tamvera, n'kupalasa. Achemwali, makina aja ankayenda ngati mphaka pamchenga. Kugogoda kuja kunalibe.

Ndinafunsa kuti mwatani. Iwo anati sanachite zambiri, makinawa ndi abwino kuposa atsopano, matenda ake anali amodzi okha. Anatola kanthu kakuda pansi n'kundiika m'manja. Anati aka kanamangiriridwa pa lamba wakale, ndiye lamba akamazungulira kankamenya m'mphepete mwa bowo la tebulo. Amvekere zaka makumi anayi akukonza makina, aona anthu akuchotsa phokoso, koma woika phokoso dala anali asanamuone. Anafunsa kuti wamisala wake ndani. Lamba wakaleyo anali atamudula kale tizidutswa.

Kanthu kameneko ndinkakaona nthawi zonse pothira mafuta. Kanali kakuda bii ndi mafuta ndi fumbi, ndipo ndinkayesa kuti ndi polumikizira lamba. Amakanika atapita ndinatenga lezala n'kupala pang'onopang'ono. Mkati munatuluka ulusi wofiira. Ndinaona mfundo ija ya makutu awiri, imene mumamanga inu nokha pomaliza msoko, imene munandiphunzitsa ine n'kulephera. Nditadula ulusiwo, m'dzanja langa munagwera batani lachitsulo la pa jekete la ababa.

Ndinakhala pansi, pamalo pomwe tinkakhala tili ana paja. Zinthu zinayamba kubwera chimodzichimodzi. Ndinakumbukira kuti sabata imene makina anayamba kugogoda, munatipeza panja tikudumpha chingwe, iye akuwerenga nafe mokweza mosapunthwa, chingwe chikamenya pansi. Munaima pakhomo nthawi yaitali, beseni lili m'manja. Ndinakumbukira mmene munkachepetsera phazi iye akamavutika, maso ali pa singano, ngati mukungokhota pakona ya kolala. Ine ndinkayesa kuti kuchepetsa phazi ndinakutulukira ndekha. Ayi, ndinaonera inu.

Munali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, wopanda amayi, wopanda wokufunsani ngati mwadya. Madokotala sanaganize zimenezi, aphunzitsi sanaganize. Inu munathothola batani, n'kulimanga pamalo oyenera, n'kutinamiza kuti makina akalamba. Ndakhala ndikuganiza masiku onsewa, mutu wanga ukulephera kuzinyamula.

Ndinayesa kulimanganso pa lamba watsopano. Linkagogoda, koma pa nthawi yolakwika, chifukwa lambayo ndi wamfupi pang'ono ndiponso wolimba. Ndinasuntha, ndinamasula, ndinamanganso. Kachitatu lamba anavuka. Ndinalichotsa n'kuliika m'thumba la diresi.

Mlongo wathu sindinamuuze tsiku limenelo. Anadziwira mu holo Loweruka masana, tikuyesa zipangizo. Nditapalasa anatembenuka msanga ngati wamva kuti wina wamwalira. Ndinamuuza za lamba ndi amakanika, koma za batani ndinabisa, chifukwa ndinaona kuti chinsinsicho ndi chanu. Sanandikalipire. Bola akanandikalipira. Anayesa kunena kanthu, liwu n'kukana, anangondigwira paphewa.

Mawaya anati tisadandaule, kugogoda kwakale ali nako mu kompyuta. Tinayesa. Mzere wachitatu anapunthwa, kompyuta n'kumusiya m'mbuyo ngati basi yodzaza. Tinayesanso, chimodzimodzi. Apo n'kuti anthu atayamba kale kulowa. Mawaya anati tinene kuti woimba wadwala. Mlongo wathu anapukusa mutu, n'kuvala jekete.

Holo inadzaza, Achemwali. Ndinasuzumira pa kabowo ka nsalu. Ena anaima m'mbali, ena anakhala m'mawindo. Ndinaona azimayi a pamsika, anyamata onyamula katundu, ngakhale amakanika aja anali pamzere wachiwiri, atavala tayi. Itakwana fili koloko mlongo wathu anatuluka, anthu n'kukuwa dzina lake mpaka malata kunjenjemera.

Ndinayamba kupalasa. Makina ankangoti waa, osalala, opanda pogwira. Anakweza maikolofoni. Liwu loyamba linali ndi, ndipo anakakamira pomwepo. Ndi, ndi, ndi. Poyamba anthu ankayesa kuti ndi mmene nyimboyo imayambira, ena anaombera m'manja. Kenako anazindikira. Kumbuyo wina anaseka. Wina anakuwa kuti ikankheni ilire. Ndinamva mawu amenewo ngati andithira madzi otentha, chifukwa ndi omwe aja a kusukulu.

Sindikudziwa kuti dzanja langa linalowa liti m'thumba. Ndinangopeza batani lili pakati pa zala. Ndinalimenyetsa pa chitsulo cha makina, pafupi ndi maikolofoni. Go. Phazi kawiri, go. Mutu wanga sunkawerenga, koma thupi linkadziwa, zaka zonse zija.

Koma panali vuto. Kale makina ankagogoda okha, ine n'kumangomvetsera kapumidwe kake. Tsopano phazi, dzanja ndi khutu zonse zinkafuna ine, ndipo anthu ankasokosera, sindinkamumva kupuma. Ndinafunika kuona mapewa ake. Nsalu ija inali pakati pathu.

Achemwali, ine amene ndimawoloka msewu pothawa kupereka moni. Ndinagwira nsalu ija ndi dzanja lamanzere n'kuikoka. Inagwa yonse pamodzi ndi chingwe chake.

Anthu mazana anayi anandiona, ndili ndi diresi langa la ntchito, tepi yoyezera ili m'khosi, ndinaiwala kuichotsa. Sindinawayang'ane. Ndinayang'ana mapewa a jekete la ababa, n'kumenya. Go. Mapewa aja anatsika. Anapuma. Ndipo mawu anatuluka.

Ndinali ndisanamuonepo akuimba pagulu ndi maso angawa, nthawi zonse ndinkangomumvera kuseri. Sindinkadziwa kuti amatalika choncho. Mwana uja wobwera chimanjamanja kugolosale ankayenda uku ndi uku ngati holoyo anamanga yekha, mawu akutsika ngati mvula ya pamalata, lililonse pamalo pake. Akaloza kumanzere anthu ankayankha, akakweza dzanja ankakhala chete. Ndinachita mantha pang'ono, ngati ndikuona munthu wina amene wakhala akubisala m'nyumba mwathu zaka zonsezi, tikudya naye mbale imodzi.

Pofika nyimbo yachitatu anthu anali atagwira kugogoda kuja. Anayamba kuomba m'manja pa go aliyense, holo yonse pamodzi. Zala zanga zinachita dzanzi, batani linapulumuka n'kugubuduzika pansi pa chopondera. Koma palibe anazindikira, chifukwa anthu mazana anayi anali akugogoda m'malo mwanga. Batani lanu lija linasanduka manja a anthu onsewo.

Pomaliza anachita chinthu chimene sitinapangane. Anakweza dzanja kuti anthu asiye kuomba. Anatembenukira kwa ine n'kundiuza ndi maso kuti ndiime. Ndinakana ndi mutu. Anandiyang'anabe. Ndinachotsa phazi.

Munalibe phokoso lililonse mu holo monse. Anati nyimbo iyi ndi ya munthu amene kulibe kuno, ndipo pa mawu amenewo anapunthwa kawiri. Palibe anaseka, palibe anamumalizira. Anthu mazana anayi anadikira. Kenako anayamba, popanda makina, popanda manja:

Munasoka mayunifolomu a ana a eni, yanu ili pansi pa sutikesi,
munandipatsa madzi nditapempha kasanu, lero ndikupempha kamodzi.
Simunanditembenukire, Achemwali, ndinkaona msana wanu wokha,
koma msana umenewo ndiwo unali khoma la nyumba yathu.

Inali yaitali, sindinaigwire yonse chifukwa ndinkalira. Anapunthwamo malo atatu, n'kudzuka yekha malo onse atatu. Atamaliza ndinangomva ngati denga likugwa. Amakanika aja anavula magalasi n'kumapukuta ndi tayi. Pambuyo pake anabwera kudzandiuza kuti akanadziwa sakanachiritsa matenda amene ankadyetsa mudzi wonse.

Anthu atatuluka, tikumanga makina pa wilibala, ndinatola batani lija. Apa ndiye pali mlandu wanga wachiwiri. Ndinalephera kusunga chinsinsi chanu. Ndinagwira mkono wa jekete, n'kuika batani pamalo pake posowapo, kenako n'kumuonetsa kaulusi kofiira ka mfundo ya makutu awiri. Ndinamuuza kumene zinachokera.

Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anakhala pansi, pasimenti, jekete lili m'thupi. Mawaya anafuna kuyamba nthabwala zake, koma ataona nkhope yake anatuluka kukadikira panja. Mlongo wathu ananena mawu atatu okha, ndipo anatuluka osapunthwa. Anati, "Ndiye kuti ankamvetsera."

Kuyambira tsiku limenelo sakudya bwino. Walemba nambala yanu pafoni kambirimbiri n'kufufuta. Akuti akuopa kuti mukayankha, liwu limukanika, inu n'kudula musanadziwe kuti ndi iye. Akuti nyimbo yomaliza ija sajambula ndipo saimbanso mpaka mwini wake ataimva n'kuvomera. Mawaya akung'ung'udza tsiku lililonse, akuti anthu akumuvutitsa kushopu kuifuna, koma iye wakana.

Tsopano mukhoza kumasula kansalu kaja.

Ndakutumizirani chifukwa ndi lanu, ndiponso chifukwa ine ndalephera kulimanga. Ndi inu nokha mukudziwa malo ake. Sindikunena kuti iye sangaimbe popanda batanilo, ndamuona ndi maso anga akuimba. Koma makina akungoti waa m'nyumba muno, ndipo ine sindikuwazolowera. Ndikamasoka ndimangoona ngati wina wasamuka.

Ndikupempha zinthu ziwiri, inenso ngati mmene munandipemphera tsiku lonyamuka. Choyamba, mundikhululukire kuti ndinaphwanya lonjezo. Chachiwiri, Lamulungu la sabata yamawa masana, kalatayi itafika, ndidzamukhazika pafupi ndi ine, n'kuimba foni yanu. Mukadzamva kuli chete, musadzadule. Musadzamufunse za sukulu, musadzamumalizire mawu. Mudzangodikira, ngati mmene munkachitira kale. Mukadzaona kuti zavuta, mudzagogode patebulo ndi batanilo. Adzamva.

Ndipo tchuthi chanu chikadzafika, mubwere nalo nokha. Ulusi wofiira ndasunga.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti malaya awo aja ndinamaliza, akungodikira mwini wake. Kamwanako mukapsompsone m'malo mwanga. Mulungu akusungeni, akupatseni mphamvu pa ntchito, ndipo msanawo aukhudze.

Mvula ija yasiya, ndipo pakhomo paima mayi wina ndi nsalu m'manja, ndiye ndilekeze pano.

Ndine mng'ono wanu,
uja wa pansi pa tebulo.

Ndamaliza kulemba Lachitatu, nthawi itangopitirira thu koloko masana.